Mikango Imene Tinasoka ku Kapata

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza chifukwa cha diresi ya azakhali anga. Nditalemba mayeso a Giredi 12 ndinangokhala kumudzi kwathu ku Chiparamba, kukumba mtedza, kutola thonje, ndi kusokera anthu zigamba pa makina opukusa ndi dzanja amene anasiya malemu amayi. Azakhali, amene amagulitsa nyemba ndi tinsomba ta kapenta ku Kapata m'tauni ya Chipata, anabwera kudzatenga chimanga, ndipo ndinawasokera diresi ya chitenje yokhala ndi kolala. Atabwerera m'tauni, mayi wina wa shopu ya utelala anawaimitsa pamsewu n'kuwafunsa amene anaisoka. Sabata yotsatira ndinakwera galimoto yonyamula mtedza, kachikwama kanga pamiyendo.

Mayiyo anali Amayi Sakala, mkazi wamasiye, wamfupi, wovala magalasi omangirira chingwe m'khosi. Ankalankhula mapini ali pakamwa, moti masiku oyamba ndinkangovomera zimene sindinamve. Shopu yawo inali chipinda chimodzi ndi khonde loyang'ana msewu. Munali makina awiri opondera, amodzi amagetsi osoka zigizagi, ovaloko yotsekera m'mphepete mwa nsalu kuti isasosoke, ndi tebulo lalitali lodulira.

“Esinati, mwezi uno makina usawagwire,” anandiuza tsiku loyamba. “Uyambe wadziwa kusita.”

Ndinasita mpaka mkono kulema. Simbi inali ya makala, chifukwa magetsi ankabwera ndi kupita mmene afunira. Ndinaphunzira kutsegula msoko uliwonse ndi simbi ndisanasoke wina pamwamba pake, ndi kuyala kansalu konyowa pa satini kuti asapse. Kenako anandipatsa tepi ndi choko. Anandiphunzitsa kuyeza munthu ataimirira momasuka, osati atakoka mimba, kujambula patani pa pepala la thumba la simenti, kusiya malo a msoko, ndi kudula sizasi itatsamira patebulo. Tinkasoka mayunifomu a sukulu, madiresi a kwaya, ndi zovala za pa khitchini pate, phwando la amayi lolangiza mkwati. Ndinkagona kwa azakhali, m'mawa uliwonse n'kuyenda wapansi kupita kushopu, ndipo ndinkaona ngati moyo wanga wayamba.

Chakumapeto kwa nyengo yozizira kunabwera a Daka, mwamuna wa ku Chipata komweko koma wogwira ntchito ku Lusaka. Ankakwatira mu Okutobala. Anaimika galimoto pakhonde penipeni, n'kutulutsa foni.

“Amayi, pa layinapu yanga sindifuna masuti,” anatero. Layinapu ndi anyamata ndi atsikana amene amavina kutsogolera akwati polowa muholo. “Kutchalitchi avale masuti, koma kumadyerero ndifuna anyamata anga alowe ngati ankhondo akale a ku Ulaya, aja okwera pa akavalo.”

Amayi Sakala anavala magalasi n'kuyang'anitsitsa chithunzicho.

“Kodi imeneyi si epuloni?”

A Daka anaseka kwambiri. “Dzina lake ndi tabadi, Amayi.”

Tabadi ndi chovala chosavuta kuchiona koma chovuta kuchikhazika pathupi. Ndi nsalu yaitali yokhala ndi chibowo cha mutu pakati, yogwera kutsogolo ndi kumbuyo mpaka m'mawondo. Ilibe manja, m'mbali ndi motseguka, ndipo imamangidwa ndi lamba m'chiuno. A Daka anati kale ankhondowo ankaivala pamwamba pa malaya achitsulo, ndipo chizindikiro cha pachifuwa chinkasonyeza mbuye amene akumumenyera nkhondo. Iwo anafuna theka lofiira, theka lakuda, ndi mkango wagolide woimirira ndi miyendo yakumbuyo, zikhadabo zili pamtunda, lilime lili kunja. Anyamata anali asanu ndi atatu.

Anagwirizana kuti nsalu agule Amayi Sakala, ndipo ukwati ukatha matabadiwo abwerere kushopu. Amayi anali ndi maganizo awo. A Daka atapita anandiuza kuti maukwati a masiku ano aliyense akufuna zake zachilendo, ndipo tikakhala oyamba m'Chipata kukhala ndi zovala zimenezi, anthu adzazibwereka pa hayala mpaka ku Katete ndi ku Lundazi.

“Tikagula ovaloko ina, iwe udzakhala ndi tebulo lako,” anatero.

Tinagula nsalu yolemera ya diliru kuti chovala chiziima bwino, satini wagolide, ndi layining'i yakuda ya m'kati. Patani yoyamba tinaiyesa pa nsalu yakale ya makatani, ndipo inakana. Mapewa ankadzuka ngati mapiko. Amayi anamasula, n'kupendeketsa msoko wa paphewa kuti utsate mmene phewa la munthu limatsikira, ndipo inakhala. Khosi tinalitchinga ndi bayasi, kansalu kodulidwa mopingasa. M'munsi tinang'amba pakati kutsogolo ndi kumbuyo kuti munthu azitha kuvina.

Mikango inali ntchito yanga. Ndinajambula umodzi papepala kuchokera pa chithunzi chija, n'kuukulitsa mpaka unakwana pachifuwa. Satini ndinkayamba ndamumatira sitifu, kansalu koumitsa, kumbuyo ndi simbi kuti asatambasuke, kenako n'kudula ndi kasizasi kakang'ono: manyenje, mchira wopindika, zikhadabo, lilime. Ndikaupinira pa diliru ndinkadutsa ndi ulusi wogwirizira, ndiyeno n'kudikira magetsi. Akangobwera ndinkathamangira pa makina a zigizagi n'kuzungulira mkango wonse pang'onopang'ono, singano ili pansi pokhota paliponse. Mkango woyamba unaoneka ngati galu wodwala. Wachitatu Amayi anaunyamula n'kupita nawo pakhonde kukauona padzuwa, ndipo tsiku limenelo anandigulira chipisi.

Anyamata anabwera kudzayezedwa Loweruka lina. Pakati pawo panali Yotamu, msuweni wa a Daka, wokhala ku Nabvutika, amene ankanyamula anthu pa njinga. Anali wamtali, woseka ndi mano onse, ndipo sankatha kuima phee.

“Asisi, yezani bwino,” anandiuza nditamukulunga tepi pachifuwa. “Mkango wanga ukhale wonenepa kuposa wa anzangawa. Wa uyu mumupatse wa njala.”

Anzake anaseka, inenso ndinaseka mpaka kuiwala nambala, ndipo ndinamuyezanso. Kuti matabadi asasokonezeke, ndinapeta chilembo choyamba cha dzina la aliyense m'kati mwa khosi ndi ulusi woyera.

Amayi Sakala anafunsako za kutentha. Ametironi, amene ankaphunzitsa layinapu kuvina, anali atagula majuzi otuwa pa salaula, pogulitsira zovala zovalidwa kale, oti anyamata avale m'kati, kuti azioneka ngati malaya achitsulo aja.

“Juzi ndi diliru mwezi wa Okutobala?” anafunsa Amayi.

“Muholo muli mafani,” anayankha a Daka. “Ndi nyimbo zitatu chabe.”

Tsiku la ukwati ndinapita kuholo ndi singano, ulusi ndi mapini, kuti china chikang'ambika ndisoke pomwepo. Kunja kunkatentha moti phula linkanunkha. Anyamata atalowa, malupanga a matabwa opaka siliva ali m'manja, holo yonse inaimirira. Azimayi ankalulutira, ana ankakwera pamipando, mafoni onse anali m'mwamba. Ndinaona mikango yanga ikunyezimira ndipo misozi inalengeza. Magetsi anazima nyimbo yoyamba isanathe. Anayatsa jenereta ya zoimbira, mafani osayenda, ndipo kuvina kunapitirira. Yotamu ndiye anali patsogolo. Pa nyimbo yomaliza anatembenuka, anagwada ngati ndi mavinidwe, anthu n'kuwomba m'manja, kenako anagwa chafufumimba. Ndine amene ndinamasula lamba wake n'kumuvula tabadi. Anamunyamula pagalimoto ya a Daka. Anamwalira asanafike kuchipatala.

Achipatala anauza abale kuti mtima wake unali ndi vuto kuyambira kale, ndipo kutentha ndi kuvina zinangomaliza. Mawu amenewo anathera m'nyumba ya maliro. Amene anayenda m'Chipata monse anali ena. Munthu wina anali atajambula kugwa kuja, ndipo pofika Lamulungu madzulo kanemayo anali pafoni ya aliyense. Anthu anati a Daka analemera msanga ku Lusaka, ndipo chuma chotere chimafuna magazi a m'bale. Anati kufiira ndi kuda ndi mitundu ya usatana. Anati chilombo chotulutsa lilime chija si mkango ayi. Ena anafika ponena kuti mtsikana wa kwa telala anamuyeza Yotamu kawiri, koyamba chovala, kachiwiri bokosi.

Lolemba matabadi anabwera kushopu m'thumba, akununkha thukuta ndi mowa wotayikira. Ndinawachapa onse ndi sopo, kuwayanika kuseri, kuwasita, n'kuwapachika, monga mmene tinkachitira ndi chovala chilichonse chobwerera ku hayala. A Daka sanadikire kuika maliro. Anamva zimene zinkanenedwa, anatenga mkazi wawo n'kubwerera ku Lusaka. Iwo anali ndi galimoto ndi kothawira. Ife tinali pakhonde pomwe paja, pamene aliyense ankadziwa.

Tsiku loika maliro azakhali anandigwira mkono ndisanatuluke.

“Mwana wa achimwene, lero usapite. Pamsika sakulankhula bwino.”

Ndinapita. Tinali ndi madiresi a kwaya oti titsirize, komanso ndinkadziwa kuti Amayi ali okha. Ndinawapeza atatsegula zitseko zonse ziwiri.

“Tikatseka adzati tathawa chifukwa tikudziwa kanthu,” anatero. “Khala pansi, pinda m'munsi mwa madiresiwo.”

Tinasoka mpaka masana. Dzuwa litapendeka tinamva mabelu a njinga. Anali anzake a Yotamu, ambirimbiri, akuchokera kumanda, ndipo kumbuyo kwawo kunali amayi ovala zitenje ndi amuna a fumbi lofiira kumapazi. Anadzaza msewu. Oyandikana nafe, wometa ndi wogulitsa mafoni, anatseka zitseko mwakachetechete.

Patsogolo panabwera bambo wachikulire, amalume ake a Yotamu. Sanakalipe. Anavula chipewa.

“Mayi, tabwera kudzaona zovala zimene zatidyera mwana.”

“Pepani ndi maliro, bambo,” anatero Amayi Sakala. “Zovala zilipo. Esinati, tulutsa zonse.”

Ndinazitulutsa n'kuziyala pa tebulo lodulira limene tinalikokera pakhonde. Anthu anabwerera m'mbuyo pang'ono. Mayi wina anayamba kupemphera mofuula. Amayi anatenga tabadi imodzi, anaitembenuza, anatenga lezala n'kumasula layining'i kuyambira kukhosi mpaka m'munsi. Anamasulanso mkango, ntchito imene inanditengera masiku, n'kuukweza m'mwamba.

“Onani. Iyi ndi diliru, yomwe ija timasokera maovololo. Uyu ndi satini. Choyera ichi ndi sitifu, timaika ngakhale m'makolala a ana anu a sukulu. Gwirani nokha. Ine mumandidziwa, timapemphera limodzi. Ana a ambiri a inu ndinawasokera za ubatizo.”

Ndinaganiza kuti zatha. Kenako mnyamata wina wa njinga anafuula kumbuyo.

“Zoterozo sizioneka ndi maso!”

Gulu lonse linavomera. Pamenepo ndinazindikira kuti tikanatha kumasula ulusi uliwonse m'shopu ija, ndipo kusapezeka kwa kanthu ndiko kukanakhala umboni wawo.

Anthu anapatuka, ndipo amayi awiri anabweretsa mayi wina atamugwirira m'khwapa. Anali amake Yotamu. Mawu anali atawathera ndi kulira, moti ankangonong'ona.

“Anasoka ndani?”

“Ndine, amayi,” ndinayankha.

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Ndinkadikira kuti andimenye, ndipo sindikanatchinga.

“Anavala iti mwana wanga?”

Ndinayang'ana m'makosi mpaka ndinapeza chilembo chake. Ndinagwada n'kuwapatsa ndi manja awiri. Anaitenga, anaikumbatira, n'kukwirira nkhope m'nsalumo. Anapuma mozama kamodzi, kawiri. Kenako anadzutsa mutu.

“Mwachapa.”

“Inde, amayi. Zovala zikabwera timachapa.”

“Ndimati ndimveko fungo lake,” anatero. “Mwachapa.”

Anaisiya kugwa pansi. Sanatukwane, sananene za usatana, anangotembenuka kuti amayi awiri aja awatenge. Koma amene anali kumbuyo anamva mawu amodzi okha, ndipo anawapatsirana: achapa, achapa kuti abise. Wina anakankha tebulo. Matabadi anawakokera pakati pa msewu, wina anabweretsa petulo wa m'botolo, ndipo moto unabuka. Satini sapsa ngati thonje. Amasungunuka n'kuchita thovu lakuda, ndipo fungo lake limakhala pakhosi. Mayi wina amene ndinamusokerapo siketi anandivula tepi m'khosi n'kuiponya pamoto. Anyamata awiri analowa m'shopu, ananyamula makina a zigizagi n'kuwamenyetsa pa simenti ya ngalande. Ena anayamba kufuula kuti shopu yonse ipse.

Amalume aja ndi amene anaima pakhomo, manja atatambasula.

“Basi! Moto ukalowa umu utenga mashopu a anthu osalakwa. Tiyeni kunyumba.”

Anati anthu osalakwa, kunena wometa ndi wa mafoni. Anthu anabalalika pang'onopang'ono. Amayi Sakala anakhala pa sitepe, magalasi akulendewera pachifuwa, akuyang'ana utsi. Ine ndinatsikira m'ngalande kukatola zidutswa za makina: bobini, phazi lopanira nsalu, kachitseko kosweka. Sindikudziwa chimene ndinkatolera.

“Zisiye, mwanawe,” anatero. “Tenga tsache.”

Tinasesa phulusa, n'kutseka shopu pa nthawi yake ya masiku onse.

Chimene chinapha shopu si moto uja. M'mawa mwake anabwera mkulu wa kwaya kudzatenga madiresi awo, osapindidwa m'munsi, ena opanda zipi. Anati akamalizitsa kwina, ndipo polankhula ankayang'ana pansi. Pambuyo pake anthu anabwera mmodzimmodzi kudzatenga nsalu zawo, zodulidwa ndi zosadulidwa zomwe. Ambiri anali aulemu. Ena ankanong'ona kuti iwo sakhulupirira zimene zikunenedwa, koma apongozi, koma amuna awo, koma anthu. Amayi ankapinda nsalu iliyonse bwinobwino, kuikamo ulusi ndi mabatani ake, n'kuthokoza. Mashelefu anayera. Tinkafika m'mawa, kupukuta makina, kuthira mafuta, n'kukhala. Kutchalitchi benchi imene Amayi ankakhala inayamba kukhala ndi malo ambiri. Bambo mfumu analalikirapo za kunamizira anzathu, anthu anamvetsera mwaulemu, koma nsalu sizinabwerere.

Mvula isanagwe Amayi anagulitsa ovaloko ndi makina amodzi opondera. Enawo anandipatsa.

“Ndinakuitana kuti ndikupatse ntchito, koma ndakupatsa dzina,” anatero. “Undikhululukire.”

Anapita kukakhala kwa mwana wawo ku Petauke. Ndinawaimbira kangapo. Ulendo womaliza anandiuza kuti maso sakuonanso bwino, ndipo singano anaisiya. Chaka chotsatira ndinamva kuti anamwalira, maliro ataika kale.

Ine ndinayenda m'mashopu a utelala a m'tauni ndi zitsanzo za ntchito yanga m'pepala. Ankaziona, ankayamikira, kenako wina ankandiyang'anitsitsa.

“Si iwe uja wa mikango?”

Ndinabwerera ku Chiparamba ndi makina aja pangolo. Nkhani inali itafika kale ine ndisanafike. Anthu amene ndinakula nawo ankandipatsa moni bwinobwino, koma zigamba ankapita nazo kumudzi wina. Mnyamata amene ankafuna kundifunsira anasiya kudutsa kwathu. Ndinalima mtedza nyengo ziwiri, makina atavundikiridwa ndi chitenje pakona.

Lero ndimasoka ndithu, koma osati m'dzina langa. Telala wina wa m'tauni, amene sindimutchula, anandilola kugwira ntchito m'kachipinda ka kuseri kwa shopu yake, kotchingidwa ndi katani. Ndimalowera khomo la kumbuyo. Iye ndiye amayeza makasitomala n'kundibweretsera manambala, ine ndimadula ndi kusoka. Madiresi ambiri a akwati amene atuluka m'shopu imeneyo adutsa m'manja mwanga, ndipo eni ake sindinawaonepo nkhope.

Amene mukufuna kuphunzira utelala, phunzirani. Kusita, kuyeza, kudula, zonsezi munthu amazidziwa akalimbikira. Koma ine ndinkaganiza kuti ntchito ikakhala yabwino imamuteteza mwini wake, ndipo si zoona. Chovala chikatuluka pakhomo chimakakumana ndi zimene iwe sunasoke: dzuwa, matenda a munthu, mantha a anthu, chisoni chofuna pogwera. Zikavuta, wogula amachoka, wovala amaiwalika, koma wosoka amadziwika pamene amakhala. Chimene ndinasunga n'chakuti ntchito yanga izioneka, ine ndisaoneke.

Nthawi zina ndimamva mkwati akuyesa diresi kutsogoloko, anzake akukuwa ndi chimwemwe, wina n'kufunsa kuti, “Kodi wakusokerani ndani, manja ake abwino chonchi?” Pamenepo ndimachotsa phazi pa chopondera, makina n'kukhala chete, ndipo ndimadikira mpaka atatuluka.